Mmene ndinasankhira mtanda wa m'sikopu ya mfuti yanga

Munda wanga uli kutsidya kwa Shire, chakufupi ndi mapiri a Namizimu, ndipo mdani wake wamkulu ndi nguluwe. Anansi anga ambiri ndi Asilamu, nyama yake sakhudza n'komwe, koma chinangwa chikafukulidwa tonse timalira limodzi. Mfuti yanga ndi .308 Winchester. Chiphaso chake ndi cha ku polisi, ndipo pa nkhani ya nyama zowononga mbewu ndimayamba ndaonana ndi a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, poti lamulo lake analikhwimitsa mu 2017. Ku nkhalango ya Mangochi, imene a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks akuyang'anira kuyambira 2018 pamodzi ndi Liwonde, mfuti ya munthu wamba sikufikako. Yanga imathera m'malire a munda.

Sikopu yakale, galasi loyang'aniramo polozetsa mfuti, itachita nkhungu m'kati, ndinafuna ina. Ambiri amayamba kufunsa kuti ikukuza kangati. Ine ndinayambira pa mtanda uja umaoneka m'galasimo, chifukwa ndi umene diso limatsamira pa nthawi yowomba.

Choyamba ndinayeza mtunda ndi mapazi, kuchokera pamene ndimabisala kufika pamene nguluwe zimatulukira m'tchire. Sipapitirira mamita 80. Nthawi yake ndi ya chizimezime kapena m'bandakucha, nyamayo ndi yakuda, ndipo kumbuyo kwake kuli mithunzi ya zitsamba. Zimenezi zokha zinachotsa mitanda ingapo pa mndandanda, monga Mil-dot ndi BDC.

Mil-dot ili ndi timadontho m'mizere yake, ndipo kuchoka pa kadontho kena kufika pa kanzake ndi masentimita 10 pa mtunda wa mamita 100. Ndi yabwino kwa munthu wowomba kutali, wokhala ndi mpata wowerengera. BDC nayo ili ndi timizere pansi pa mphambano tosonyeza mmene chipolopolo chimatsikira pa mamita 200 kapena 300, koma timizereto amatikonzera mtundu umodzi wa zipolopolo ndi liwiro lake. Kuno timagula zimene zapezeka kwa ogulitsa ovomerezeka, lero zolemera chonchi, mawa zina. Komanso .308 yotcheredwa kuti chipolopolo chizigwera pamene mphambano yaloza pa mamita 100 siifuna kukwezedwa konse pa mtunda wa m'munda mwanga. Timizere tonseto tikanangodzaza galasi.

Inatsala iwiri. Duplex, imene kampani ya Leupold inatulutsa mu 1962, ili ndi mizere inayi yonenepa m'mbali, yowonda pakati. German #4 ili ndi mizati itatu yonenepa kwambiri, kumanzere, kumanja ndi pansi, pamene wapamwamba ndi wowonda kuti usabise nyama.

Kuno ku boma kulibe sitolo yoti ungalowe n'kusuzumira m'masikopu osiyanasiyana, choncho ndinapita kwa amalume anga, mlenje wakalekale, ndi kwa mnzawo wina. Anandibwereka masikopu awo atawamasula pa mfuti. Ndinapachika thumba la makala pa chitsa m'mphepete mwa chinangwa, n'kubwerera mamita 70. Dzuwa lili pamwamba, mitanda yonse inkaoneka bwino, ndipo Duplex ndi imene inkandisangalatsa, poti pakati pake sipabisa kanthu. Dzuwa litalowa zinthu zinatembenuka. Timizere towonda tija tinasungunuka m'kuda kwa thumba, moti ndinkachita kuganizira pamene pali mphambano. Mu German #4 namonso pakati panazilala, koma mizati itatu ija inkaonekabe bii, ikuloza malo amodzi ngati mafuwa atatu ozinga mphika, ndipo diso linkagwera pakatipo lokha.

Amalume anandiyang'ana nati, "Mphwanga, mtanda ukuuona, nanga thumbalo ukuliona bwino?" Funso limeneli ndi lalikulu kuposa lonse. M'minda yathu madzulo mumadutsa anthu ochokera ku madimba, ana othamangitsa mbuzi, ngakhale alonda a chimanga. Mtanda woonekabe pamene nyama yasanduka chithunzithunzi chabe ndi woopsa, chifukwa umakulimbitsa mtima pa chinthu chimene sunachizindikire. N'chifukwa chake ndinaganiza mofatsa za kadontho kofiira kowala pakati. Kamathandiza ndithu pa nyama yakuda, koma ukakakweza kwambiri kamathobwa m'maso n'kuphimba chimene ukulozacho. Ndinakavomera pokhapokha kakhale kotheka kuchepetsa mpaka kungotsala pang'ono kuzima, ndiponso mtandawo ukhale wolembedwa pa galasi, kuti batire ya CR2032 ikatha mizati ikhalepobe yakuda.

Panali chinanso choti ndisankhe. M'masikopu ena mtanda umakula ndi kuchepa pamodzi ndi chithunzi ukamapotokola mphete yokuzira, ndipo ogulitsa amalemba FFP. Mwa ena, a SFP, sukula ayi. Ine ndimasiya sikopu ikukuza katatu kapena kanayi kuti ndione malo otakata, ndipo pamenepo mtanda wa FFP umawonda kwambiri, pa nthawi yomwe ndikuufuna wonenepa. Ndinatenga SFP. Kukuza pang'onoko kumathandizanso kuwala: pa sikopu ya 3-9x40 (yokuza kuyambira ka 3 mpaka ka 9, galasi lakutsogolo la mamilimita 40), ukaika pa 4 kuwala kotuluka kumbuyo kumakhala mamilimita 10 m'lifupi, pa 9 kumatsika kufika pa 4 ndi pang'ono.

Ndinasankha German #4, ndipo ndinalemba zonse pa WhatsApp kwa mlamu wanga wa ku Johannesburg, n'kumupempha kuti asanalipire ajambule mtandawo kudzera m'galasi, popeza makampani amasiyana kanenepedwe ka mizati ngakhale dzina lili limodzi.

Itafika, ndisanaimange pa mfuti, ndinailozetsa kumwamba kopanda mitambo n'kumapotokola mphete ya kufupi ndi diso mpaka mtanda unaoneka wakuthwa pongoyang'ana kamodzi. Osayang'anitsitsa nthawi yaitali, diso limadzikonza lokha n'kukunamiza. Pomanga ndinapachika chingwe chokhala ndi mwala ku nthambi, kuti mzere woimirira ufanane nacho. Potchera ndinasankha malo okhala ndi chulu chachikulu kumbuyo, n'kudziwitsa a mfumu ndi anansi tsiku ndi nthawi. Pa sikopu imeneyi kudina kumodzi kwa chopotokolera chotcherera kumasuntha pogwera chipolopolo pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100, ndipo ndinkawomba katatu ndisanakhudze chopotokolera. Mabatire awiri apadera ndinawasunga m'chikwama cha zipolopolo, chifukwa kumudzi kwathu CR2032 sapezeka pa okala.