Mmene ndimakonzera ngolo yaikulu kuti isamapukuse pamsewu

Ntchito yoletsa ngolo yokokedwa ndi galimoto (trailer) kupukusa ndimaiyamba ngoloyo idakali chiimire, pa nthawi yopakira. Katundu wolemera ndimamuika pansi penipeni, pafupi ndi ekiselo koma chakutsogolo pang'ono, kuti pafupifupi 60 peresenti ya kulemera konse ikhale kutsogolo kwa matayala a ngolo. Kumchira kumapita zopepuka zokhazokha. Cholemera chikakhala kumchira, ngolo ikangokankhidwa pang'ono kulemerako kumaiponyera uku ndi uku, kwinaku kukupepula kumbuyo kwa galimoto mpaka matayala osagwiranso bwino msewu. Ndikamaliza ndimamanga zonse ndi malamba zolimba, chifukwa katundu wosuntha m'njira amasokoneza zonse zomwe mwalinganiza.

Ndikachoka apo ndimalunjika pa sikelo yoyezera magalimoto. Ambiri apa amapadumpha, koma ndi pamene pagona nkhani. Ndimakweza galimoto pa sikelo ngolo ili chikolekere, matayala a ngoloyo ali kunja kwa sikelo, n'kulemba nambala. Kenako ndimamasula ngolo n'kuyezanso galimoto payokha. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kulemera komwe mphuno ya ngolo, kutsogolo kwake kokolekera, ikupsinja nako pa tow bar, chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa galimoto. Ndimafuna kukhale pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya ngolo yopakira kale, ndiye kuti ngolo ya makilogalamu 2,000 izipsinja ndi makilogalamu 200 mpaka 300. Koma sindipyola malire olembedwa pa tow bar ndi m'buku la galimoto; ngati malirewo ndi otsika, ndimatsitsako katundu. Mphuno ikapepuka, ndimasunthira zina kutsogolo n'kuyezanso. N'zotopetsa ndithu, koma maso okha sangakuuzeni kulemera.

Ndikakolekanso ndimaima chapatali n'kuyang'ana cham'mbali. Ngolo iyenera kukhala yowongoka, kapena mphuno yoweramira pansi pang'ono, osati yoloza kumwamba. Galimoto ikakhalira kumbuyo, ndimagwiritsa ntchito cholumikizira chotchedwa weight distribution hitch, chomwe zitsulo zake zimabwezera kulemera kwina ku matayala akutsogolo kuti chiwongolero chizimvera. Mpweya ndimayeza matayala asanatenthe, a ngolo ndi a galimoto omwe. Ndili nachonso chitsulo cha sway control, chija chimalimbitsa polumikizira, ndipo ndimachimasula pobwerera m'mbuyo kapena msewu ukaterera. Chimathandiza, komabe sichingawongole ngolo yopakiridwa molakwika.

Pamsewu mdani wamkulu ndi liwiro. Ngolo yomwe ili phee pa liwiro lochepa imatha kuyamba kuvina mukangowonjezera moto pang'ono. Potsetsereka ndimatsitsa giya ndisanayambe kutsika. Basi kapena lole ikamandipitirira ndimaionera pagalasi n'kugwiritsitsa chiwongolero ndi manja onse, popeza mphepo yake imayamba yakankha ngolo, kenako n'kuikokera kwa iyo.

Ikayamba kupukusa, phazi limathamangira lokha pa buleki. Chonde musaponde. Ine ndimachotsa phazi pa moto pang'onopang'ono, chiwongolero chili chowongoka, osalimbana ndi ngolo poikhotera uku ndi uku. Ngati ngolo ili ndi mabuleki amagetsi, ndimakanikiza kachogwirira ka pa brake controller, kachipangizo ka m'galimoto koyendetsera mabuleki a ngolo, kuti ngolo yokha igwire. Imakokera m'mbuyo, zonse n'kuwongoka pamzere umodzi. Liwiro likatsika ndimafuna malo abwino oima, n'kuona malamba, matayala ndi pomwe katundu wafika. Ndikapeza chasuntha ndimachibwezera kutsogolo, ndipo ulendo wotsalawo ndimayenda pa liwiro lochepera lija ngolo inayambira kuvina.