Ululu wa pachinena kumanja: apendikisi, thumba la mazira kapena mimba ya muchubu?

Mayi wa msinkhu wobereka akafika atapinda msana, dzanja lili pachinena, choyamba ndi kuyeza mkodzo kuti tione ngati ali woyembekezera. Funso lakuti "Mayi, munasamba liti komaliza?" palokha silikwanira. Amayi ambiri obaya jakisoni wa Depo sasamba n'komwe, ndipo timagazi tochepa totuluka pa mimba ya muchubu ena amatiyesa msambo. Ngakhale amene anatseketsa ayezedwe.

Mimba ya muchubu, yomwe imakhala muchubu m'malo mwa m'chiberekero, imavuta kwambiri pa masabata 6 mpaka 8. Chubu chikaphulika, mtima umayamba kuthamanga BP isanatsike, ndipo Hb (mlingo wa magazi) yoyamba imatha kuoneka yabwinobwino magazi akutayikira m'kati. Akadandaula za phewa, ndi magaziwo akukhudza mnofu wopumira. Apa ndi madiripi awiri, magazi akonzedwe, fiyeta idziwitsidwe.

Ngati mimba palibe, mvetserani mmene ululu unayambira. Apendikisi imayamba mozemba: kupweteka pamchombo, chakudya kukanika, kenako pakatha maola 12 mpaka 24 ululu umasamukira kumanja m'munsi. Thumba la mazira likapotokola, mayi amatchula nthawi yake yeniyeni, mwina akutula ndowa pamutu, ndipo kusanza kumabwera pompo. Kawirikawiri pamakhala chotupa choposa masentimita 5, ndipo zimachitika kwambiri kumanja, n'chifukwa chake zimasokonezeka ndi apendikisi. Sikani ya Doppler, yoona kayendedwe ka magazi, ikaonetsa magazi akuyenda m'thumbalo, musaganize kuti zili bwino: thumbalo limalandira magazi kuchokera m'mitsempha iwiri, ndipo limatha kupotokola n'kumasukanso. Likachedwa limafa.

PID, matenda otupitsa chiberekero ndi machubu chifukwa cha tizilombo, imapweteka mbali zonse ziwiri, ndi chikazi komanso kutentha thupi. Koma kupweteka pogwedeza khomo la chiberekero si kwa PID yokha, kumapezekanso pa mimba ya muchubu ndi apendikisi. Pamenepa ife ophunzira zachipatala timagwa kwambiri, kupereka maantibayotiki kwa munthu wofunika opareshoni.

Kuno ku Zomba misampha ina ilipo. Ngakhale kachipangizo koyezera malungo mwachangu (mRDT) kaonetse malungo, pamimba polimba ngati thabwa pamafunabe chifukwa chake, makamaka thupi likakhala latentha masabata awiri kapena atatu, nthawi imene taifodi imaboola matumbo. Mayi wochokera kunyanja ya Chilwa afunsidwe za likodzo, poti limatha kuwononga machubu. Mafinya ochepa mumkodzo nawonso amapezeka apendikisi yotupa ikagona pafupi ndi chikhodzodzo.

Zikavuta kusiyanitsa, mayi asadye kanthu, alandire mankhwala a ululu, ndipo munthu yemweyo amuyezenso pakatha maola 4 mpaka 6.