Kambalame ka pamatope ku Malombe

Loweruka lapitali ndinapita kwa amalume ku Malombe kukatenga nsomba zouma za kambuzi, ndiye pochoka kudooko ndakumana ndi kamsuweni kanga ka Sitandade 5, legeni ili m'khosi, kambalame kali m'manja. "Asuweni taonani mafuta!" uku kakusosola nthenga za pachifuwa. Zoonadi kanali konona, mafuta achikasu mpaka m'mbali, chonsecho kambalame kake n'kochepa, kotuwa, kamlomo ngati kachitsotso ka machesi.

Timbalame timeneti tonse timatidziwa, timathamanga m'mphepete mwa madzi n'kumajompha matope, koma dzina palibe amalabada. Kakowa, vuwo, nkhwazi, chipweyo aliyense atchula. Iti amangoti timbalame ta m'matope basi.

Koma abale tambiri mwa iti si ta kuno. Timaswa kumpoto kwenikweni, ku Siberia m'dziko la Russia ndi ku Scandinavia uko, kukayamba kuzizira timanyamuka n'kufika kuno cha mu Sepitembala kapena Okutobala, kubwerera ndi Malichi kapena Epulo. Mafuta aja ndi petulo wa ulendo, kamadya usana ndi usiku kukonzekera kunyamuka, ndiye mwana wa legeni amadziwa bwino kuti mwezi wonyamukira uno n'tonona ngakhale chifukwa chake sachidziwa.

Tina timapitirira mpaka ku Walvis Bay ku Namibia ndi Langebaan ku South Africa, komwe nyanja ya mchere imalowa kumtunda n'kutchingidwa ndi mchenga, madzi osaya, opanda mafunde. Madzi akaphwera tsiku lililonse amasiya matope odzaza nyongolotsi, tinkhono ndi tinkhanu, mbalame masauzande n'kuterapo. Ife kuno zophwera tsiku ndi tsikuzo tilibe, athu amatsika kamodzi pachaka nthawi yotentha ija mvula isanagwe, ndipo ndi nthawi yomweyo alendowa amafika, matope ali poyera. Malombe ndi choncho, Chia ku Nkhotakota pomwe msewu wa M5 umaoloka paja ndi choncho, Chilwa ndiye osanena, mpaka inalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse.

Chimene chimandiwawa ine si legeni ayi, mwana mmodzi angaphe zingati. Ndi zomwe tikuchita ndi gombe. Yendani msewu wa ku Monkey Bay muone, munthu akangogula puloti ya koteji choyamba n'kuzula bango, kuthira mchenga kuti pakhale bichi yoyera, matope amati ndi nyansi. Kwinako madzi akangotsika pang'ono khasu lafika kale. Sindikunyoza olima, njala ndimaidziwa, koma kambalame kauluka kuchokera ku Russia kadzatera pati?

Kamsuweni ndinakafotokozera zonsezi, kanamvetsera bwinobwino n'kufunsa ngati ku Russia kulinso malegeni. Kenako kanakaotcha pamoto wa azakhali ophikira nsima n'kundigawira mwendo umodzi, ndipo ndisaname, ndinadya.