Kuchoka ku Dedza kutsikira ku Mua: miyendo yakhwima, manja atsalira

Chisiyire mvula ndakhala ndikulimbana ndi zitunda pa njinga yanga yopalasa. Mpata ukapezeka m'mawa ndimakwera msewu wadothi wopita pamwamba pa phiri la Dedza, kenako n'kubwerera kudzasamba kuti ndipite kuntchito. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe nsonga ya phirilo imayandikira mamita 2,200, ndiye amene akufuna kukhwimitsa miyendo sachita kupita kutali. Cholinga changa chinali choti ndisakakhale mtolo kwa anzanga pa ulendo wa gulu wa mwezi wa Julayi. Ulendowo tapita, tabwerako. Kukwera ndikutha tsopano, magiya ndimasintha chitunda chisanandigwire, mpweya sundithera msanga. Kutsetsereka ndiye kudakali nkhani ina.

Ena munandifunsa ngati tinamangirira mapoto pa kaliyala. Ayi. Ulendo wake unali wokhala ndi otithandiza. Tinasonkha ndalama, okonza ulendo anapeza lole yaing'ono, ndipo matenti, matiresi, zofunda, zigubu za madzi, ufa, ndiwo ndi mbaula zinkayenda pa loleyo. Inkadzera misewu yodutsika, ife tinkadzera tinjira ta m'nkhalango ndi m'minda, n'kukakumana pamalo opangana masana ndi madzulo. Pa njinga munthu umangotenga mabotolo a madzi, chubu chapadera, pampu, zomatira, kajekete ka mphepo ndi chotafuna m'thumba. Pa lole panali adalaivala, amayi otiphikira ndi amakaniko. Pakati pa ife opalasa panali wotsogolera ndi wotsekera kumbuyo, ndipo lamulo linali loti wotsogolera sapitiriridwa, wotsekera sadutsa munthu ngakhale munthuyo atatsika n'kumakankha njinga.

Mnzanga wina wa kuntchito anauseka ulendowu, ati ndi wa mabwana, munthu weniweni amasenza yekha tenti yake. Sindinakangane naye, koma ndikanakonda akanadzaima nafe pakati pa chitunda cha ku Bembeke. Lole imanyamula tenti, iwe siikunyamula. Chimene umagula ndi ndalama zakozo n'chakuti njinga ikhale yopepuka kuti ulowe nayo m'malo a miyala momwe njinga yolemedwa ndi katundu singadutse, komanso kuti ukafika madzulo miyendo ili njenjenje upeze madzi ali pamoto.

Tinayambira ku Chongoni. Misewu ya m'nkhalango ya paini kufupi ndi koleji ya zankhalango ndi yokoma kupalasamo, yamthunzi, yopanda galimoto, kungoti masamba ouma a paini amaterera pokhota. Njinga tinazisiya m'munsi n'kukwera wapansi kukaona zojambula za pamiyala ku Chentcherere. Ndakulira m'boma lomweli koma ndinali ndisanaimepo pansi pa thanthwe lija. Dera lonse la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula zotere, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2006. Zojambula zake zili mitundu iwiri: zofiira, zomwe ndi zakale kwambiri za Akafula, ndi zoyera za Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina zokhudza gule. Bambo amene ankatiperekeza anafotokoza zimene zimafotokozedwa pagulu, zina anangomwetulira n'kuti, "Zimenezo muzikafunsa kwanu, bambo." Tinaseka, palibe anaumiriza. Chimene chinandinyansa ndi mayina amene anthu ena analemba pathanthwepo, ngati kuti dzina lawo ndi limene tadzera.

Usiku wa Julayi ku Chongoni si wamasewera. Dzuwa likangolowa chisanu chimatsika nthawi yomweyo, ndipo thukuta limene unali nalo m'malaya limasanduka mdani. Amene anazolowera maulendowa amati akafika, asanamwe n'tiyi yemwe, amavula zonyowa, kusamba, kuvala zouma, n'kuchapa kabudula wopalasira njinga, wokhala ndi siponji pokhalira, kuti mawa asadzabweretse zilonda. Kabudula ameneyu savalidwa ndi china m'kati, ndipo ena amapaka mafuta a Vaseline pamene chishalo chimakhuza. Ndi nkhani yoti anthu amachita nayo manyazi kunyumba, koma pamoto paja inkakambidwa poyera, amuna ndi akazi omwe, chifukwa chimene chimabweza munthu pa ulendo wa masiku angapo nthawi zambiri si mwendo.

Ine malo anga madzulo anali pafupi ndi amakaniko. Ndi bambo wachikulire ndithu, wosalankhulalankhula, amene anayambira kukonza njinga za kabaza asanazolowere za magiyazi. Ankapachika njinga pa nthambi ndi chingwe, tochi ili pamphumi, n'kuyamba ndi tcheni. Kamswachi kakutha, parafini pang'ono m'kachitini, kutsuka mano a magiya limodzilimodzi mpaka fumbi lofiira lija litachoka, kupukuta ndi kansanza, kenako kadontho ka oilo pa mfundo iliyonse ya tcheni. Akatero ankapukutanso mpaka tcheni lioneke ngati louma. Nditafunsa chifukwa chake anati, "Achimwene, oilo amagwira ntchito m'kati. Wakunjayu amangoitana fumbi, ndipo fumbi likasakanikirana ndi oilo limadya tcheni." Atatha apo ankazunguza wilo, chala chili pafupi ndi limu, kumvetsera ngati pali sipoko yomasuka. Njinga iliyonse inkadutsa m'manja mwawo tisanagone. M'maganizo mwanga, theka la ndalama zimene tinapereka zinabwerera pa mtengo umenewo.

M'mawa tenti inkakhala itanyowa ndi mame, chifunga chili tolo, zala zosafuna kugwira chitsulo. Amayi aja ankatipatsa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, tiyi ndi mbatata, ndipo sankalola munthu kunyamuka atangomwa tiyi yekha. "Mwanawe, bwerera udzadye, phiri silithawa," anamuuza mnyamata wina amene ankafulumira. Anali ndi mfundo. Tsiku loyamba aliyense amakhala ndi mphamvu za kunyumba. Kuyambira lachiwiri umapalasa ndi zimene unadya dzulo. Ndaphunzira kutafuna kanthu ola lililonse njala isanabwere, mtedza, nthochi kapena chitumbuwa, ndi kumwa madzi ludzu lisanafike. M'botolo limodzi ndinkasungunuliramo Thanzi.

Chigawo cha pakati, chodutsa m'midzi kulowera ku Bembeke, sindichulukitsapo mawu. Ndi zitunda zokhazokha, kukwera, kutsika pang'ono kukawoloka kamtsinje, kukweranso, pakati pa madimba a mbatatesi ndi kabichi. Apa m'pamene ntchito yanga ya pa phiri la Dedza inaoneka, moti ndinali m'gulu la kutsogolo osadzikakamiza. Tinkakumana ndi azibambo akukankha njinga zopanda magiya zitasenza matumba a mbatatesi kupita kumsewu wa M1. Mmodzi anaima, kuyang'ana matayala athu onenepawo, n'kufunsa kuti, "Nanga katundu wanu ali kuti, achimwene?" Titamuuza kuti ali pa lole anapukusa mutu n'kupitiriza ulendo wake. Tinagona pa bwalo la sukulu ina, okonza ulendo atapempha kale kwa amfumu ndi aphunzitsi aakulu. Madzulo tinapita kukapereka moni kwa amfumuwo, m'mawa tinatola zinyalala zathu zonse n'kuziika pa lole.

Kenako Khwekhwelere. Msewu wake umapatuka pa M1 pa Masasa n'kutsika phiri mokhotakhota mpaka ku Golomoti pa M5, ndipo munthu umatsika mamita pafupifupi 1,000. Kumtunda kwake wotsogolera anatidutsitsa m'tinjira ta miyala, kumunsi tinalowa mu tala. Masiku onse a zitunda aja ndinkangolakalaka mtsetse. Walira mvula walira matope.

Tisananyamuke amakaniko anasuzumira mabuleki a njinga iliyonse, ndipo ziwiri anazisinthira mapadi pomwepo. Anatiuzanso kuti tiphwetseko matayala pang'ono kuti azigwira pansi, koma osapitirira, chifukwa tayala lofewa kwambiri likagunda mwala limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Amene ali ndi matayala opanda chubu, othira madzi omata okha aja, analibe nazo nkhawa zimenezi.

Titangolowa pamiyala, anthu amene ndinkawasiya pa zitunda anayamba kundidutsa mmodzimmodzi. Mapewa anga anauma, maso anali pa tayala lakutsogolo, mabuleki ndinawagwira osawasiya, ndipo pasanapite nthawi mikono inayamba kuwotcha. Wotsekera tsiku limenelo anali mayi wina wa ku Ntcheu, wocheperako msinkhu kwa ine, amene amatsika phiri ngati palibe chikuchitika. Anandiimitsa pamalo athyathyathya. "Achimwene, tadontheza madzi pa chimbale cha bulekicho." Nditadontheza anachita kuti tswee, chitatentha ngati chiwaya. Anati buleki yogwiridwa kosalekeza imatentha mpaka kusiya kugwira, ndiye ndizigwira mwamphamvu ndisanafike pokhota, n'kusiya kuti izizire. Anatsitsa chishalo changa ndi zala zinayi. Anandionetsa kaimidwe: kuimirira pa mapedulo ali mulingo umodzi, zidendene zitatsika, mawondo ndi zigongono zitapindika, thako lili chakumbuyo pang'ono, chala chimodzi chokha pa buleki iliyonse kuti zinazo zigwire handulo. Za buleki yakutsogolo, imene ambirife tinakula tikuiopa kuti imagwetsa chamutu, anati ndi imene imaimitsa njinga, yakumbuyo ukailimbitsa yokha tayala limangokhwekhwereza. Mawu amene anabwereza kwambiri anali a maso. "Musayang'ane mwala, asa! Yang'anani podutsa. Njinga imapita kumene mwayang'ana."

Anapita patsogolo panga n'kunena kuti ndiziponda pamene iye waponda. Sindinganame kuti ndinasanduka katswiri. Malo ena ndinatsika n'kuyenda wapansi, iye akudikira osaonetsa kutopa nane. Koma panali kachigawo kena ka miyala yosongoka pamene ndinamasula mabuleki, njinga n'kudumphadumpha pansi panga ine ndili phee pamwamba, ndipo ndinamva koyamba ntchito ya mafoloko a sipuling'i, ogwira wilo lakutsogolo, amene ndinawalipira ndalama zambiri aja. Ndikanakhala ndekha sindikanayesa. Phindu la gulu ndinaliona apa: pali wina wakuona zimene thupi lako likuchita, ndipo ukudziwa kuti ukagwa pali bokosi la mankhwala ndi lole kumunsi.

Potsika dziko limasintha ukuona. Jekete imene unavala kumtunda umaivula pakati panjira, mitengo ya masuku imatha, kumunsi kumayamba kuoneka milambe, ndipo kutali nyanja imachita mbee. Pa Golomoti tinafika kukutentha, tinadya tchipisi cha pachiwaya tili chiimire, kenako tinapalasa chakumpoto kupita ku Mua. Kumeneko usiku kunalibenso chisanu, m'malo mwake udzudzu, ndiye amene ali ndi tenti yong'ambika neti aisoke asananyamuke. Mishoni ya Mua inayambitsidwa ndi ansembe a White Fathers m'chaka cha 1902, ndipo pamalopo pali malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi nyumba yosungira zachikhalidwe ya Chamare yofotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao. Tinaizungulira m'mawa mwake miyendo ili yolemera. Pobwerera ku Dedza njinga zinakwera lole, ife tinakwera minibasi, ndipo palibe anatsutsa.

Pamene ndafika pano ndi apa. Zitunda ndizipitiriza koma sindiwonjezera. Msewu wa pa phiri la Dedza umene ndakhala ndikuutenga ngati pokwerera pokha, n'kumatsika pang'onopang'ono ngati nthawi yopuma, tsopano ukhala sukulu ya mtsetse: ndizisankha kachigawo kamodzi ka miyala, kutsika, kukankha kubwerera, kutsikanso, chishalo chili pansi. Manja ndi mapewa akufunika zolimbitsa thupi zawozawo. Mapadi akumbuyo atha, ndawayitanitsa ku Lilongwe pamodzi ndi magolovesi a zala zonse, poti anga odula zala aja m'chisanu cha ku Chongoni sanathandize. Za matayala opanda chubu ndikuwerengera kaye mtengo wake, chifukwa amakaniko anati malimu anga angafunike kusintha. Gulu likukambirana zoti ulendo wotsatira udzere ku Tsangano mvula isanayambe, ndipo mayi wa ku Ntcheu uja wachenjeza kale kuti kumeneko miyala ndi yambiri kuposa imene taona.