Lamlungu kwa amalume ku Rosettenville

Lero kunalibe ntchito, ndiye nditachapa m'mawa ndinakwera takisi kupita ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg. Basi ya dzulo yochokera kumudzi inabwera ndi kathumba ka usipa wa ku Nkhotakota, ndipo azakhali anachita kundiimbira kuti ndikachedwa ndikapeza mitu yokhayokha.

Titasamba m'manja pambuyo pa nsima, amalume anatsegula kanema. Iwo za DStv alibe nazo ntchito. Amalipira laisensi ya SABC, kanema wa boma la South Africa, R265 pa chaka, ndipo amati ndalama imeneyo ayenera kuidyerera. Tinapeza pulogalamu ya mbiri ya migodi itangoyamba kumene. Anayambira mu 1886 pamene golide anapezeka ku Langlaagte, kenaka n'kuonetsa zithunzi zakale zopanda mtundu: amuna ali pamzere atavula malaya kuti dokotala awapime, mabedi a simenti osanjikizana m'makomboni, chikepe chodzaza anthu chikulowa pansi. Azakhali anasiya mbale m'madzi n'kudzakhala pampando.

Dzina la Nyasaland linamveka kamodzi, pamene ankaonetsa mapu a kumene antchito ankachokera. Amalume anandigwira bondo. "Mphwanga, wamva? Kamodzi basi." Sanakwiye ayi. Amene anakonza pulogalamuyo ankafotokoza mbiri ya dziko lawo, ndipo anaifotokoza bwino. Koma kamodziko kanawatsegula pakamwa, moti theka lotsalalo ndinamvera iwo kuposa kanema.

Anandiuza za bambo awo, agogo anga amene sindinawaone, momwe analembetsera Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodi, n'kukwera ndege ku Chileka kudzera ku Francistown. Anandiuza za pa 4 April 1974, tsiku limene ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo atamaliza kontirakiti. Anthu anali ndi masutikesi a nsalu ndi mabulangete a akazi awo. Kamuzu analetsa kulemba anthu, ndipo njira inadzatsegukanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba. Amalume analowa nthawi imeneyo, ali mnyamata, mpaka 1988 pamene zinatsekekanso chifukwa cha mkangano wa kuyeza magazi. Anzawo anabwerera, iwo anatsala. "Ndinatchona ndikuona," anatero, akutsokomola chifuwa chawo chija chosatha.

Chimene chakhala chikundizunguza mutu madzulo onse ndi ichi. Anthu a kuno, ngakhale kanema anafika mochedwa mu 1976, ali ndi pokaonera zakale zawo. Amalume akuti m'zaka za 1996 mpaka 1998, Lamlungu lililonse madzulo ankakhala pa SABC kuonera Max du Preez akufotokoza zimene zatuluka sabata imeneyo ku komiti ya Desmond Tutu yofufuza nkhanza za nthawi ya tsankho. Apolisi ankaulula pamaso pa amayi amasiye momwe anaphera amuna awo, dziko lonse likuona nkhope zawo. Mwana wobadwa dzana angathe kuzionanso lero, ndipo palibe angamuuze kuti n'zopeka.

Ife kwathu TVM inayamba mu 1999. Kalata ya mabishopu ya 1992, riferendamu ya pa 14 June 1993, kafukufuku wa imfa ya a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga ku Mwanza, zonsezi anthu anazimvera pa wailesi ndi m'nyuzi, kapena kunong'onezana pa chitsime. Za amuna a ku migodi ndiye zili m'mitu ya nkhalamba basi, ndipo nkhalambazo zikutha chaka ndi chaka. Zimandiwawa, chifukwa malata a nyumba imene ndinabadwiramo anagulidwa ndi ndalama ya pansi pa nthaka ya Johannesburg yomweyi.

Chakumapeto pulogalamu inakamba za matenda a fumbi la m'mapapo ndi thumba la Tshiamiso, la R5 biliyoni, limene khoti linavomereza mu 2019 kuti lipepese odwala ndi mabanja a omwalira. Azakhali anayang'ana amuna awo osanena kanthu. Amalume analowa kuchipinda n'kutuluka ndi jumbo ya mapepala ofiirira, nambala yawo ya kumgodi ikuonekabe.

Pamenepo ndinatulutsa foni. "Amalume, yambiraninso za agogo, ndijambule." Anakana kaye, ati malaya ndi akuda. Atasintha anakhala tsonga n'kuyankhula mphindi 40 osapuma, mpaka kuimba nyimbo imene ankaimba pokankha ngolo za miyala.

Ndabwerera kukuda, takisi ikudutsa m'mbali mwa milu yachikasu ya dothi la migodi. Kanemayo ndamutumiza pa gulu la banja la WhatsApp. Amayi ayankha ndi mawu kuchokera ku Nkhotakota, akuti amalume aiwala kuti agogo anapita kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anabwera ndi makina osokera amene ali kuseri kwa chitseko mpaka pano. Lamlungu likudzali ndikawafunsa za ulendo wachiwiriwo.