Sabata yowerenga mbande za mkungudza ku Lichenya

Mu Juni ntchito ya mkungudza paphiri la Mulanje si yobzala ayi, kubzala kunatha ndi mvula. Ino ndi nthawi yowerenga mbande zomwe zapirira, komanso kulambula njira zotchinga moto udzu usanaumiretu.

Lolemba tinakwera kuchokera ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri, kupita ku Lichenya, dera la pamwamba pa phirili, ndipo Lachiwiri ndi Lachitatu tinali m'mapuloti momwe munabzalidwa mbande. Mbande iliyonse ili ndi nambala yake. Timayeza msinkhu ndi tepi, kunenepa kwa tsinde pafupi ndi dothi, n'kulemba ngati ili moyo, yafa kapena yasowa. Yakufa timaizula kuti tione mizu, chifukwa zolakwika za ku nazale zimaonekera pamenepo. Mbande yomwe inakhalitsa mu chubu mizu yake imapiringizana ngati nkhata, moti ikabzalidwa imalephera kulowa pansi kukapeza chinyezi. Ina imafa poti inachoka pamthunzi isanazolowere dzuwa ndi ludzu. Masabata omaliza ku nazale madzi amayenera kuchepetsedwa, mthunzi n'kumachotsedwa pang'onopang'ono. Zambiri zomwe tinapeza zowauka nsonga zinali za pamtetete, pomwe mphepo ndi chisanu cha usiku zimagwa mosatchingika. Za m'mphepete mwa tchire zinali zobiriwira.

Lachinayi linali la makasu ndi zikwanje. Njira ya moto imapalidwa mpaka dothi lioneke, ndipo udzu wopalidwawo suyenera kusiyidwa muli mulu m'mbali, chifukwa ukauma ndi womwe umaolotsa moto. Tinazulanso timitengo ta paini, Pinus patula, tomwe timamera tokha n'kupitirira mkungudza msanga. Paini wamng'ono amazuka ndi dzanja, koma mukamulekerera zaka zingapo pamafunika nkhwangwa.

Kusamala konseku n'chifukwa chakuti mtengowu, womwe unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha, ndipo mbewu zomwe tikufesa zikuchokera ku mitengo yomwe inabzalidwa ku Zomba. Mkungudza umakula mochedwa, ukakhala waung'ono moto umodzi wa alenje osaka nyama umapsereza ntchito ya zaka zingapo.

Lachisanu tinatsikira ku nazale za m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, kukauza osamalira mbande zomwe mizu ija yaonetsa: machubu azisunthidwa, mizu yotulukira pansi izidulidwa, ndipo mbande yopyola msinkhu isakwere nawo phiri mvula ikubwerayi.