Usiku womwe ndinatukwana apongozi ndili m'tulo

Popeza mlamu wanga wayamba kale kuimwaza nkhaniyi pa Chitakale ponse, akuthiramo ndi mchere wake, bola muimve kwa mwiniwake. Inde, mawu amene anatchula apongozi anga kuti nyani anali anga. Koma ineyo nthawi imeneyo ndinali m'bulangete ndikuliza mkonono, ndipo mfundo imeneyi pabwalo sanaipatse mpata.

Anyani otsika m'phiri la Mulanje anali atatsala pang'ono kumaliza zinanazi za amayiwo, kuseri kwa nyumba cha ku Likhubula. Tsono ine ndi mkamwini wa sukulu. Ku Blantyre ntchito yanga ndi yoyesa zipangizo zamagetsi zisanapite pamsika, kapena ndinene kuti amandilipira kuti ndizizizunza. Kabolodi timakatsekera m'kabati yotentha madigiri 85, chinyezi 85 peresenti, kwa maola 1,000. Kakapulumuka timakagwetsa pasimenti, kenako kukayatsa ndi kukazimitsa mpaka katapempha chifundo. Munthu wa ntchito yotere angagonje kwa nyani?

Ndinalumikiza kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino, kasensa ka PIR, kakuimba mawu a pa memori khadi, batire ya 12V, ndi chimkuzamawu chomwe ndinagula kwa mkulu wina wogulitsa mankhwala a makoswe ku Limbe. Kasensa kameneka sikaona nkhope. Kamangomva thupi lofunda likusuntha, mpaka pa mamita 7. Nyani ndi wofunda, munthu ndi wofunda, apongozi nawonso ndi ofunda. Sayansi imeneyo sindinaipange ine.

Ena akuti bwenzi nditajambula galu akuuwa. Agalu a m'mudzi muja anyani amawadziwa mmodzimmodzi, amawadutsa ngati akupita kumsika. Choncho ndinajambula mawu anga, ndi mtima wonse: "Choka nyani iwe! Wakuba, ndakuona! Ulibe manyazi?" Bokosi lonse ndinalimata ndi silikoni chifukwa mvula ya ku Mulanje siseka ndi waya. Switchi sindinaike dala, poti m'chinyezi ndi imene imayamba kuchita dzimbiri. Mpaka lero ndikunenetsa kuti amenewo anali maganizo a injiniya weniweni.

Mtengo womangirirapo bokosilo ndinauzika sensa italoza kumunda. Amene anamangirirapo mbuzi madzulo, mbuziyo n'kuzunguza mtengo mpaka sensa kuloza njira ya kuchimbudzi, ndi mlamu yemweyo amene akuseka kwambiri lero.

Unali mwezi wa July, chiperoni chitagwira, kunja kukuwaza timvula tozizira tija. Cha m'ma 2 koloko usiku apongozi anatuluka, chitenje kumutu, katochi ka foni m'manja.

"CHOKA NYANI IWE!"

Anaima njii. Chipangizo chinati zii, chifukwa chinthu chikaima sensa imachiiwala. Anadikira. Ananyamula phazi pang'onopang'ono.

"WAKUBA, NDAKUONA!"

Phazi linabwerera pomwe linachokera. Zii. Mayi a Mvano, munthu amene m'mudzi monse palibe anamulozapo chala, ali chiimire pamvula, chowatulutsa m'nyumba chikuwakumbutsabe kuti sichinathe. Anayesa kubwerera chammbuyo, mawu anga anawapeza. Anayesa kuwerama kuti adutse chozemba, anawapezanso. Anangokonza chitenje paphewa basi.

"ULIBE MANYAZI?"

Apa ndi pomwe anayamba kukambirana nacho. "Akamwini, ndine! Ndine mayi anu!" Koma amayiwo polankhula amaponya manja, ndiye "ndine" aliyense ankalandira "choka nyani iwe" wake. Akuti anafika poomba m'manja mwaulemu, kupepesa mlandu womwe sakuudziwa. Kuomba m'manja nakonso ndi kusuntha.

Akazi anga anandigwedeza. "Bambo, mukutukwana amayi panja."

"Ine si ndili pano?"

"N'chifukwa chake ndikuchita mantha."

Mmene ndimatuluka, nditafunda chitenje chawo chamaluwa, mudzi unali utafika kale. Kumudzi mawu oti "wakuba" sayitana kawiri. Kunabwera zibonga, zikwanje, wina ndi mpini wopanda khasu, ndipo aliyense wolowa m'mamita 7 aja ankalandira gawo lake. Anyakwawa anafika mwaulemu wawo, ndi ndodo, nawonso anafunsidwa ngati ali ndi manyazi. Gogo wina ataona ndikutulukira pakhomo pomwe mawu anga akuchokera kumunda, anangoti, "Ndinkanena ine, sukulu yambiri ili ndi zake," n'kuyamba pemphero.

Ndinathamangira pamtengo paja kuti ndizimitse. Chinanditchula nyani ine ndemwe, ndipo kameneka ndi kokha komwe khamu linavomereza. Ndinafufuza switchi mumdima kwa kanthawi ndisanakumbuke maganizo a injiniya aja. Silikoni anali atagwira zolimba. Mlamu analikutumula bokosi ndi chibonga, linagwa pamwala, n'kupitiriza kutukwana lili chagada. Ndisaname, pakati pa manyazi onsewo kamtima kanga kananyadira, chifukwa kuntchito chinthu chikapirira chotero timachilembera kuti chakhoza. Mnyamata wina ndiye anadula waya wa sipika ndi chikwanje. Apongozi anadutsa pakati pathu osayang'ana munthu, ulendo wawo uja n'kukaumaliza.

Kutacha ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinafotokoza za kutentha kwa thupi, za mbuzi, ndinajambula ndi pansi ndi kamtengo. Amalume a akazi anga, eni mbumba, anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mawuwo ndi a ndani?"

"Anga."

"Anakukakamizani kuwanena?"

"Ayi, koma ndinkauza anyani."

"Anyaniwo analipo?"

Ndinalipira tambala, chitenje chatsopano cha amayi, ndi nkhuku inanso ya anyakwawa. Za mbuzi palibe anafunsa.

Pano ndikuganiza zoikapo kakamera kuti kazisiyanitsa nyani ndi munthu, zimatheka ndithu masiku ano. Akazi anga akuti ndikayesere kwathu. Kumunda kuja tsopano kumakhala mlamu ndi legeni, ndipo ya sopo amalandira kwa ine mwezi ndi mwezi.